Opaleshoni ya khansa ya m'mawere isanachitike: mamogalamu, sikani kapena MRI?

Azakhali anga atauzidwa kuti chotupa cha m'bere lawo lamanzere ndi khansa, foni yanga sinapume usiku wonse. Pa gulu la WhatsApp la kubanja kwathu aliyense anali ndi mawu, koma amene anamveka kwambiri anali a msuweni wanga yemwe amagwira ntchito ku Johannesburg. "Asawakhudze ndi mpeni asanawajambule MRI," analemba choncho, n'kuwonjezera kuti ndalama ina atumiza yekha. Kumudzi amalume anali atayamba kale kuwerenga matumba a soya oti agulitse. Palibe amene ankalakwitsa dala. Tonse tinkafuna kuti azakhali alandire chithandizo chapamwamba, ndipo m'makutu mwathu MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, ndi imene inkamveka yapamwamba.

Gadiyani ndinali ine, wonyamula buku la kuchipatala, choncho funsolo ndinakalifunsa ndine. Adokotala a opaleshoni anatsegula bukulo n'kundionetsa zimene analemba atawapima ndi manja: chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku, khungu la pamwamba pake lolimba komanso la timaenje ngati khoko la lalanje, mwanabere kukhwapa. "Bambo," anatero modekha, "mayiwa tiyamba nawo ndi kemo, mankhwala a khansa a m'dripi, kenako tichotsa bere lonse. MRI ikabwera, isintha chiyani pa zimenezi?"

Ndinalibe yankho. Koma funso lawolo linandikhala mumtima, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza kuti makina aliwonse amaona chiyani, amaphonya chiyani, ndipo ndi mayi uti amene MRI ingamuthandizedi. Alipo amayi otero, ndipo sindikufuna wina awerenge izi n'kukana MRI imene dokotala wake waiitanitsa pa chifukwa chomveka.

Mafunso ndi atatu, ndipo palibe makina amene amayankha onse

Funso loyamba ndi lakuti, kodi chotupachi ndi khansa? Limeneli palibe chithunzi chimene chimaliyankha, kaya cha mtengo wanji. Yankho limachokera ku biopsy, pamene amatapa kanyama ka chotupacho ndi singano yaikulu n'kukatumiza ku labotale. Kanyama komweko ndi kamene kamanenanso mtundu wa khansayo, komanso ngati imakula ndi mahomoni a thupi la mayi kapena ili ndi chizindikiro chotchedwa HER2. Zimenezi ndi zimene zimasankha mankhwala, monga tamoxifen kwa amene khansa yawo imadalira mahomoni.

Funso lachiwiri ndi lakuti, m'beremo khansayo yafika pati, ndipo bere linalo lili bwanji? Apa ndi pamene mamogalamu, sikani ndi MRI zimapikisana.

Lachitatu, kodi yafalikira ku mapapo, ku chiwindi kapena m'mafupa? Anthu ambiri, kuphatikizapo msuweni wanga uja, amaganiza kuti MRI ya bere ndi imene imanena zimenezi. Ayi. Ntchito imeneyo ndi ya X-ray ya pachifuwa, sikani ya pamimba, kapena CT, X-ray yojambula thupi mozungulira, pamene ilipo.

Mamogalamu

Iyi ndi X-ray ya bere. Mayi amaimirira, bere n'kuliika pakati pa timatabwa tiwiri tosalala tomwe timalifinya kwa masekondi ochepa, kuchokera pamwamba kenako cham'mbali. Kufinyako kumawawa, makamaka bere likakhala ndi chotupa kale, koma zonse zimatha m'mphindi 15 kapena 20. Luso lake lalikulu ndi kuona timiyala ting'onoting'ono ta kashiamu, tooneka ngati mchere wowazidwa, tomwe nthawi zina ndi chizindikiro chokhacho cha khansa imene ikadali m'timachubu ta mkaka. Sikani kawirikawiri sitiona timeneti.

Kufooka kwake kuli pa mawere a minofu yothinana. Pa chithunzi cha mamogalamu mafuta amaoneka akuda, minofu ya mkaka imaoneka yoyera, ndipo khansa nayo imaoneka yoyera. Mayi akakhala wachitsikana, kapena woyamwitsa, bere lonse limatha kuoneka loyera, chotupa n'kubisala mmenemo ngati ufa pa nsalu yoyera. Izi n'zofunika kwathu kuno, chifukwa amayi ambiri amene amapezeka ndi khansa imeneyi m'mayiko athu amakhala asanakwanitse zaka 50.

Sikani

Imeneyi amayi ambiri amaidziwa, ndi yofanana ndi ija yoonera mwana m'mimba, kungoti kachipangizo kogwira m'manja kamakhala kena. Ilibe cheza cha X-ray, siwawa, ndipo woyembekezera kapena woyamwitsa amajambulidwa popanda nkhawa. Imasiyanitsa msanga chotupa cha madzi ndi chotupa cholimba, imaona bwino m'bere la minofu yothinana, imaona mwanabere wa kukhwapa, ndipo dokotala amatha kuigwiritsa ntchito ngati nyali polondolera singano ya biopsy pamalo enieni. Mwa makina atatuwa, ndi yotsika mtengo kwambiri komanso yopezeka m'zipatala zambiri.

Vuto lake ndi limodzi lalikulu: imadalira dzanja ndi diso la wojambulayo. Munthu wozolowera kujambula mimba za amayi oyembekezera sangafanane ndi amene amajambula mawere sabata iliyonse. Mukapatsidwa mwayi wosankha, funsani amene amajambula mawere kawirikawiri.

Manja a dokotala, mamogalamu ndi sikani, kuphatikiza biopsy, ndiwo maziko. Ngakhale ku Britain, amayi ochuluka amalowa m'fiyeta atadutsa m'zimenezi zokha.

MRI: diso lakuthwa kuposa onse

MRI sigwiritsa ntchito X-ray. Ndi maginito amphamvu kwambiri. Mayi amagona chafufumimba pa kabedi kopapatiza, mawere n'kulendewera m'mabowo awiri a chipangizo chapadera cholandira chithunzi, kenako kabediko kamalowa m'chimphanga cha makinawo. Amamuika kanula pamkono ndipo mkati mwa kujambulako amamulowetsa mankhwala otchedwa gadolinium. Khansa imadzipangira timitsempha tambiri ta magazi tomwe timadontha, choncho imamwa mankhwalawo msanga n'kuwala pa chithunzi. Makinawo amagogoda mwaphokoso ngati chigayo, amakupatsa zotseka m'makutu, ndipo umafunika kugona duu kwa mphindi 30 mpaka 45. Kwa mayi wa msana kapena phewa lowawa, kapena amene amaopa malo opanikizika, imeneyi si nkhani yaing'ono. Woyembekezera sapatsidwa gadolinium, wa impso zofooka amayamba wayezedwa magazi, ndipo amene ali ndi kachipangizo ka mtima kapena zitsulo zina m'thupi ayenera kunena asanalowe m'chipindamo.

Pa kuona, palibe angatsutse: MRI imaona zambiri. Mu 2008 ofufuza motsogozedwa ndi Nehmat Houssami wa ku Sydney anaphatikiza kafukufuku wambiri n'kupeza kuti mwa amayi 100 alionse odwala khansa ya m'mawere, MRI inkapeza malo ena okayikitsa m'bere lomwelo mwa amayi 16, malo amene mamogalamu ndi sikani zinawaphonya. Ku America, kafukufuku wa mu 2007 anajambula bere linalo, looneka labwinobwino pa mamogalamu, mwa amayi 969, ndipo anapeza khansa mwa 30.

Munthu ukamva manambala amenewa umaganiza kuti nkhani yatha, aliyense ajambulidwe basi. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma manambala omwewo ali ndi mbali ina. Mwa malo owonjezera amene MRI inkaloza m'bere lodwalalo, pafupifupi amodzi mwa atatu alionse sanali khansa atawayeza. Ndipo kuti apeze amayi 30 aja, amayi 121 anabayidwa singano ya biopsy. 91 anavutika ndi kudikira zotsatira ali ndi mantha, pomaliza n'kuuzidwa kuti palibe kanthu. MRI imawala pa khansa, koma imawalanso pa zotupa zosaopsa ndi pa minofu wamba imene yangotenthedwa ndi mahomoni a mwezi umenewo.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi kuona zambiriko kumapangitsa opaleshoni kuyenda bwino? Mayi akachotsedwa chotupa chokha bere n'kutsala, nthawi zina labotale imapeza kuti khansa yafika m'mphepete mwa chidutswa chimene anadulacho, ndipo amabwereranso ku fiyeta. Chiyembekezo chinali chakuti MRI ichepetsa kubwereraku. Ku Britain anayesa zimenezi pa kafukufuku wotchedwa COMICE, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Amayi 1,623 m'zipatala 45 anagawidwa mwamaere, theka kujambulidwa MRI, theka ayi. Obwereranso ku fiyeta anali 19 pa 100 alionse mbali zonse ziwiri. Ku Netherlands, kafukufuku wa MONET wa mu 2011, wa amayi a zotupa zazing'ono zosagwirika ndi dzanja, anapeza zodabwitsa: mwa ochotsedwa chotupa chokha, obwereranso anali 34 pa 100 alionse kwa ojambulidwa MRI, ndi 12 okha kwa osajambulidwa. Ku Sweden zinatuluka mwina. Kafukufuku wa POMB wa mu 2014, wa amayi 440 ocheperapo msinkhu, anaonetsa kuti MRI inatsitsa kubwererako kuchoka pa 15 kufika pa 5 pa 100 alionse. Choncho pa nkhani ya opaleshoni yachiwiri, akatswiri sanagwirizanebe, ndipo zikuoneka kuti zimadalira mtundu wa odwala komanso luso la owerenga zithunzi.

Pa nkhani imene imatisowetsa tulo tonsefe, yakuti khansa ibwerera kapena ayi, chithunzi n'chomveka bwino. Mu 2014 gulu la Houssami lomwe lija linatsata mawere odwala oposa 3,000. Patapita zaka 8, amene khansa sinabwerere m'bere anali 97 pa 100 alionse kwa ojambulidwa MRI ndi 95 kwa osajambulidwa, kusiyana kochepa kumene atawerengera msinkhu ndi mtundu wa khansa kunalibe tanthauzo. Pa kufalikira kwa khansa ku ziwalo zina, MRI sinathandizenso. Chimene kafukufuku wambiri amagwirizana ndi chakuti amayi ojambulidwa MRI amachotsedwa bere lonse kawirikawiri kuposa anzawo. Ena mwa iwo kunali koyenera. Ena anataya bere chifukwa cha kadontho kowala kamene sikanayezedwe n'komwe.

Zingatheke bwanji kuti makina aone khansa yeniyeni yobisika, koma kuichotsa kusasinthe zotsatira? Yankho lili pa chithandizo chimene chimabwera pambuyo pa mpeni. Madokotala anadziwa kalekale, poyeza mawere ochotsedwa, kuti pambali pa chotupa chachikulu pamakhala timbewu tina tating'ono. N'chifukwa chake wochotsedwa chotupa chokha amalandira radiotherapy, kuwotcha bere lotsalalo ndi cheza champhamvu. Kafukufuku wa Bernard Fisher ku America, atatsata odwala kwa zaka 20, anapeza kuti khansa inabwerera m'bere mwa amayi 39 pa 100 alionse amene sanawotchedwe, ndi 14 okha mwa owotchedwa, ndipo kutalika kwa moyo kunali kofanana ndi kwa ochotsedwa bere lonse. Umberto Veronesi ku Milan anapezanso kufanana komweko pa kutalika kwa moyo. Timbewu tambiri timene MRI imationa lero ndi tomwe tija radiotherapy, kemo ndi mapiritsi a mahomoni zinkatipha kale popanda wina kutiona.

Amene MRI imawathandizadi

Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a zachipatala ku England, limati MRI isajambulidwe kwa aliyense ngati mwambo, koma litchula nthawi zitatu. Yoyamba ndi pamene manja a dokotala, mamogalamu ndi sikani zikusemphana pa kukula kwa chotupa: dzanja likumva chinthu chachikulu, sikani ikuonetsa chaching'ono. Yachiwiri ndi pamene bere ndi lothinana moti mamogalamu sikuwerengeka. Yachitatu ndi khansa ya mtundu wa lobular pamene akuganiza zosunga bere. Mtundu umenewu, womwe ndi pafupifupi khansa imodzi mwa khumi za m'mawere, suumbika kukhala chibuluma. Maselo ake amayenda m'mizere mizere m'kati mwa minofu ngati mizu ya kapinga, choncho mamogalamu ndi sikani zimauchepetsa. Pepala la biopsy likakhala ndi mawu akuti lobular, ndipo mayi akufunitsitsa kusunga bere lake, ine ndingalimbikitse kuti banja liyesetse MRI.

Palinso ena. Mayi amene wapezeka ndi khansa m'mwanabere wa kukhwapa koma m'bere simukuoneka kanthu. Apa MRI nthawi zambiri imapeza gwero. Mayi amene nsonga ya bere ili ndi chilonda chonga chikanga, matenda otchedwa Paget, koma mamogalamu sikuonetsa kanthu. Mayi wa m'banja limene khansa imeneyi yadutsa mwa amayi ake, azichemwali ake, kapena amene anapezeka ndi kusintha kwa chibadwa kotchedwa BRCA, chifukwa bere linalo limakhala pa chiopsezo chachikulu. Komanso mayi amene wayamba ndi kemo n'cholinga choti chotupa chifote kuti bere lipulumuke: MRI ya poyamba ndi ya pomaliza zimaonetsa bwino kuposa makina ena kuti chatsala n'chotani.

Onsewa ali ndi chofanana: pali chosankha chimene chikudikira chithunzicho.

Kwathu kuno nkhani imapendekeka

Kafukufuku yense ndatchulayu anachitikira kumene amayi ambiri amafika ku chipatala chotupa chikadali chaching'ono, ndipo funso lawo limakhala lakuti bere lisungidwe kapena lichotsedwe. Kwathu amayi ochuluka amafika khansa ili pa siteji 3 kapena 4, ngati azakhali anga. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsata odwala ku Zambia, Namibia, Uganda, Nigeria ndi South Africa n'kutuluka mu 2020, anapeza kuti patapita zaka zitatu theka lokha ndi limene linali moyo. Chimene chinkapha amayiwo ndi kufika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo.

Kusunga bere kumayenda ndi radiotherapy. Kwa zaka zambiri Amalawi ankachita kupita kunja kukailandira, ku India, ku Tanzania, kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Ngati dokotala sangatsimikize kuti mudzawotchedwa pa nthawi yake opaleshoni ikatha, njira yotetezeka ndi kuchotsa bere lonse, ndipo zikatero ntchito yaikulu ya MRI yatha isanayambe. Choncho musanafunse za MRI, funsani za radiotherapy: ndidzailandira kuti, liti, pa mtengo wanji?

Chinanso, dzina lakuti MRI limabisa kusiyana kwa makina. Makina oyamba m'Malawi anafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre mu 2008 kudzera m'kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana, ndipo mphamvu ya maginito ake, pa muyeso wotchedwa tesla, inali 0.35. Anagwira ntchito yaikulu pa zimene anabwerera. Koma kujambula bere kumafuna makina a 1.5 tesla kapena kuposa, chipangizo chapadera cha mawere chija, gadolinium, ndi dokotala wozolowera kuwerenga zithunzi za mawere. Chimodzi chikasowa, mwalipira ndalama pa chithunzi chosadalirika.

Ndipo pali funso limene ambiri sitiliganizira mpaka litatipeza: MRI ikaonetsa kadontho katsopano, adzakayeza bwanji? Poyamba amabwereza sikani pamalo pomwepo, ndipo kakaoneka amakabaya. Kakapanda kuoneka, pamafunika biopsy yochitikira m'makina a MRI momwemo, ntchito imene imapezeka m'zipatala zochepa ngakhale ku South Africa. Popanda imeneyo, mayi amatsala ndi mantha osayankhidwa, ndipo mantha amakankhira ku kuchotsa bere, mwinanso onse awiri. Lamulo labwino ndi lakuti opaleshoni isakulitsidwe chifukwa cha chimene MRI yaona pokhapokha chitatsimikizidwa ndi biopsy.

Nthawi nayo imadya. Kusonkha ndalama, kupeza tsiku, ulendo wa basi kapena ndege, kudikira lipoti, kubwereza sikani, masabata amapita osawaona. Kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2020 anaonetsa kuti pa khansa ya m'mawere, kuchedwetsa opaleshoni ndi masabata anayi alionse kumayendera limodzi ndi kukwera kwa chiopsezo cha imfa ndi pafupifupi 8 peresenti. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO nalo, pa ndondomeko yake ya mu 2021, linaika malire akuti kupima konse, kujambula ndi biopsy, kuthe pasanathe masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika ku chipatala. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Sabata imodzi kapena awiri odikira MRI yofunika si vuto. Miyezi iwiri yosakasaka ndalama ya MRI imene sisintha kanthu ndi kutaya kwenikweni.

Ndikanati ndiike ndalama ya banja pa mzere, ndikanayamba ndi biopsy ndi kuyeza mahomoni ndi HER2, chifukwa popanda zimenezi mankhwala amaperekedwa mongoyerekeza. Kenako mamogalamu ya mawere onse awiri ndi sikani yofika mpaka kukhwapa. Kenako kuyeza ngati yafalikira, pamene chotupa chili chachikulu. Kenako thiransipoti ndi chakudya cha maulendo onse a kemo, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, chifukwa ambiri amasiyira panjira ndalama ya basi ikatha. MRI imalowa pamzerewu pokhapokha mayi ali m'gulu la aja ndawatchula. Kwa achibale athu a ku Britain kapena a ku South Africa amene ali ndi inshuwalansi ya chipatala, ndalama si chopinga, koma funso la adokotala aja likadali lomwelo. Ndipo dokotala wa kumeneko akanena kuti MRI sikufunika, sikuti akukumanani chifukwa ndinu obwera. M'zipatala zina za kumeneko mulinso mamogalamu yolowetsa mankhwala a ayodini m'mitsempha, yomwe imaona mofananako ndi MRI, imatha msanga, ndipo imathandiza amene sangathe kugona m'chimphanga chija.

Mukakhala pamaso pa dokotala, kaya MRI mwaiyambitsa ndinu kaya ndi iwo, funsani mwaulemu koma mosaopa: "Adokotala, chithunzichi chikatuluka, chingasinthe chiyani pa opaleshoni yanga? Chikaonetsa chatsopano, muchiyeza bwanji? Chichedwetsa tsiku langa ndi masiku angati?" Lembani mayankhowo kumbuyo kwa buku la kuchipatala, kuti mukawawerengere a kubanja mmene alili.

Ine ndinachita zomwezo madzulo a tsiku lija. Ndinajambula tsamba la bukulo n'kulitumiza pa gulu. Msuweni wanga anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti kemo iyamba liti ndipo basi yopita ku tauni ndi ndalama zingati. Ndalama yake inalipira maulendo onse, ndipo soya wa amalume anatsala m'nyumba mpaka mtengo utakwera. Azakhali anayamba dripi yoyamba Lachiwiri la sabata yotsatira, atavala chitenje chawo cha Mvano.